Mota yopanda mabulashi komanso yopanda maginito a neodymium: ingatheke?

Koyilo_Ndirande
Akuluakulu, ndabwera ndi funso. Ntchito yanga ndi yokulunga mamota, ndipo masiku ano anthu akubweretsa kwambiri mamota a mapampu a sola ndi a njinga za batire. Waya ukapsa ndimakulunga bwinobwino, koma vuto likakhala la maginito ndimagwira njakata. Ena afooka ndi kutentha, ena achita dzimbiri mpaka kufufuma n'kuyamba kukhula stator, mbali yosazungulira ya mota. Ogulitsa maginito a saizi yake kulibe, ndipo ukatchula mtengo woitanitsira kunja, kasitomala amangoti bola ndigule pampu ina. Ndiye kodi sitingapange mota yopanda mabulashi (makaboni odutsitsa magetsi kupita ku mbali yozungulira) yosafuna maginito a neodymium? Ndikunena ya mawati pakati pa 500 ndi 1000, yopopera madzi. Amene munaphunzira kapangidwe ka mamota tithandizeni.

Sipanala
Yankho muli nalo kale m'shopu mwanumo, achimwene. Mota ya pachigayo ilibe bulashi, ilibenso maginito. Ndi chitsulo, kopa ndi aluminiyamu basi. Nikola Tesla anailembetsa mu 1888, mpaka lero ikugaya chimanga.

Koyilo_Ndirande
Ya induction ndikuidziwa a Sipanala, ndi imene imandidyetsa. Koma pa sola imafuna mapanelo ambiri. Si n'chifukwa chake opanga mapampu anathamangira ku maginito?

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Tiyambe taona ntchito yomwe maginito akugwira m'motamo. Stator, mbali yosazungulira yomwe mumakulungapo waya, imapanga mphamvu ya maginito yomwe imayenda mozungulira. Rotor, mbali yozungulira, iyenera kukhala ndi chifukwa choitsatira. Maginito okhalitsa ndi njira imodzi chabe, ndipo amakondedwa chifukwa mphamvu ya rotor imapezeka ulele, osadya magetsi. Mu induction, stator ndiyo imayambitsa magetsi m'timipiringidzo ta aluminiyamu ta mu rotor. Rotor imatentha, ndipo kutenthako ndi magetsi a pa panelo amene akutayika. Mukhozanso kukulunga waya pa rotor n'kumaidyetsa magetsi.

Njira yomwe ine ndimaikonda ndi ya reluctance. Rotor yake ndi chitsulo chokhachokha, koma chodulidwa mipata kuti mphamvu ya maginito izidutsa mosavuta mbali imodzi n'kumavutika mbali inayo. Mangirirani msomali pa ulusi, muulendeweretse pakati pa maginito awiri, muona ukudzitembenuza wokha mpaka utaloza komwe mphamvu ikudutsa. Rotor ya reluctance imachita zomwezo, kungoti mphamvuyo ikuyenda, ndiye nayo siima.

Maginito a neodymium ndi a dzanadzanali. Masato Sagawa wa ku Sumitomo ku Japan ndi John Croat wa ku General Motors anawatulukira aliyense payekha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mafakitale ndi masitima a magetsi anali akuyenda kale asanabwere.

Injiniya_Joni
A Koyilo, ndiyankhe kaye za maginito omwe akukuferaniwo. Neodymium wamba, amene pa pepala amalembedwa N35 kapena N42 popanda chilembo china kumapeto, amayamba kufooka kosabwereranso akadutsa madigiri 80. Olembedwa H amapirira mpaka 120, SH mpaka 150, UH mpaka 180. Opirira kwambiriwo nthawi zambiri amathiramo dysprosium kapena terbium, ndipo zimenezi ndi zodula. Wopanga pampu yotchipa amasankha giredi yotsika. Pampu ikangoyenda yopanda madzi, kapena njinga ikakwera chitunda itanyamula matumba, basi maginito apita. Dzimbiri nalo n'chimodzimodzi. Kunyezimira kuja ndi nickel yongokutira. Ikangosupuka pang'ono chinyontho n'kulowa, mkati mwake mumasanduka ufa.

Tsopano cholowa m'malo mwake chomwe mungachigwire ndi manja lero ndi ferrite, maginito akuda aja a kumbuyo kwa sipika. Amapangidwa ndi okusaidi ya chitsulo ndi strontium. Sachita dzimbiri, madzi sawaopa, kutentha kwa mota sikuwapha, ndipo ndi otchipa kutalitali. Koma ndi ofooka. Ferrite amapereka pafupifupi 0.4 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito) pomwe neodymium amapereka 1.2 mpaka 1.4. Mukangochotsa neodymium pa rotor n'kumatapo ferrite a saizi yomweyo, mota izungulira ndithu koma mphamvu yake yopotokola itsika mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Musayese zimenezo, mungotaya glu.

Mota ya ferrite imayamba kuganiziridwa pa pepala. Imakhala yonenepa, chifukwa mphamvu yopotokola imakula msanga mukakulitsa rotor. Maginito saikidwa pamwamba pa rotor ayi. Amaimikidwa ngati masipoko, awiri oyandikana akuyang'anizana mbali yofanana, kuti onse azikankhira mphamvu yawo m'chitsulo chomwe chili pakati pawo. Mukatero, pa mpata wa pakati pa rotor ndi stator mumatha kupeza 0.6 kapena 0.7 tesla kuchokera ku maginito a 0.4. Koma pakati pa rotor, pomwe pagwira shafiti, payenera kukhala chinthu chosakokedwa ndi maginito, monga aluminiyamu kapena stainless, apo ayi mphamvu imathawira mu shafiti.

Balaka_Kwathu
Koma anthu inu mukundidabwitsa. Phiri la Kangankunde kwathu kuno ladzaza ndi miyala yokhala ndi neodymium yomweyi. Ku Songwe ku Phalombe ilikonso. Makampani akuwoloka nyanja kudzaifuna, ife eni ake takhala pansi kukambirana zoithawa?

MaiVolts
Bambo a Balaka, mwala si maginito. Mukaukumba mumaugaya n'kupatula monazite, mchenga womwe muli neodymium. Kenako amaiphika mu asidi kapena soda. Zikatero pamabwera ntchito yovutitsitsa, yolekanitsa neodymium ku cerium, lanthanum ndi anzake, omwe amafanana kwambiri moti madziwo amadutsa m'matanki mazanamazana asanasiyane. Ndiye ausandutse chitsulo, ausakanize ndi ayironi ndi boron, augaye ufa, aupanikize mkati mwa mphamvu ya maginito, auotche pa madigiri oposa 1000, audule, aukutire. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a ntchito yolekanitsa ndi yopanga maginitoyi amachitikira ku China. Ndiye mwala wa ku Kangankunde ukatuluka, umabwerera uli mkati mwa pampu yomwe mtengo wake ndi wa madola. A Koyilo sapeza maginito pa shelefu ku Limbe chifukwa choti mgodi uli ku Balaka.

Chinanso, miyala ya ku Kangankunde ili ndi neodymium ndi praseodymium. Dysprosium yomwe a Injiniya atchula imachokera makamaka ku dothi la kummwera kwa China ndi ku Kachin ku Myanmar, komwe amathira mankhwala a ammonium sulphate m'mapiri kuti asungunule zomwe akufuna, madziwo n'kumathera m'mitsinje.

Balaka_Kwathu
Ndiye timange fakitale yathu. Tizingogulitsa dothi mpaka liti?

MaiVolts
Ndikugwirizana nanu kuti tisamangogulitsa dothi. Koma taonani America ndi chuma chake chonse. Mgodi wa Mountain Pass ku California utatsegulidwanso, kwa zaka zingapo unkatumiza zomwe wakumba ku China kuti akazilekanitse. Fakitale yotere imafuna magetsi osathima, mankhwala ochuluka, ndi malo osungira zinyalala zomwe nthawi zambiri zimakhala ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa. Ku Baotou, komwe amayeretsera miyala ya ku mgodi wa Bayan Obo, kuli dziwe lalikulu la matope akuda otsalira. Ku Bukit Merah ku Malaysia anthu anachita kupita kukhoti chifukwa cha zinyalala zotere. Tikhoza kumanga, koma tikhale tikudziwa zomwe tikuitanira pakhomo.

Wakumpoto
Ife ku Karonga tinaona. Kayelekera anatsegula mu 2009, mu 2014 mitengo ya yureniyamu itagwa ntchito inaima. Mgodi umayendera mitengo ya kunja, osati zofuna za mudzi. Anthu a ku Balaka afunse mafunso panopa, asadikire.

Balaka_Kwathu
Mafunso tikufunsa, akulu. Achinyamata kuno akufuna ntchito, musatiyankhule ngati sitikudziwa kanthu.

Wakumpoto
Sindinanyoze munthu. Ndangonena zomwe zinachitika.

Sipanala
Za migodi tsegulani mutu wake. Munthu wafunsa za mota.

Mlimi_wa_Nchalo
Ndiyankhuleko ine wogwiritsa ntchito. Pampu yanga imakhala m'mphepete mwa mtsinje pa thabwa, imakoka madzi kupita ku dimba la anyezi ndi tomato. Ikalemera makilo 8 kapena 20 kwa ine n'chimodzimodzi, sindiinyamula pamutu. Mwinanso yolemera ndiyo yabwino, akuba aziganiza kawiri. Chomwe ndikufuna n'choti ikafa mu Seputembala, mbewu zili pakati, munthu wa pa Nchalo kapena ku Blantyre aitsegule n'kuikonza sabata yomweyo. Pampu yopepuka yomwe singakonzeke ilibe phindu kwa ine.

Chitsime_Drilling_Guy
Kwa inu a Mlimi zili bwino chifukwa pampu yanu ndi ya pamtunda. Koma a Injiniya akuti mota ya ferrite ikhale yonenepa. Mu mjigo munenepera kuti? Zitsime zambiri timaika paipi ya mamilimita 110. Mota iyenera kulowa m'menemo pamodzi ndi waya wake, madzi n'kumadutsanso m'mbali kuti iziziziritsidwa. Kumeneko ndi komwe neodymium amawina, chifukwa malo ndi ochepa.

Injiniya_Joni
Mwalasa. Mu mjigo simunganenepetse, mungangotalikitsa, ndipo rotor yowonda ilibe malo oimikamo masipoko a ferrite okwanira. Kumeneko ine ndingabwerere kwa a Sipanala: mota ya induction yayitali yowonda, ya mafezi atatu, yoyendetsedwa ndi inveta ya sola. Mamota oterewa akhala m'zitsime zaka makumimakumi.

Za mapanelo zomwe a Koyilo akuopa, tiyeni tiwerengere. Tinene kuti pampu ikufuna mawati 750 pa shafiti. Mota ya induction yaing'ono yomwe imasandutsa 75 peresenti ya magetsi kukhala ntchito idya mawati 1000. Ya maginito ya 90 peresenti idya pafupifupi 830. Kusiyana kwake ndi mawati 170, osafika ngakhale theka la panelo imodzi ya masiku ano. Nthawi yomwe mapanelo anali odula zedi, mawati 170 anali nkhani yaikulu. Lero mapanelo anatsika mtengo, koma maganizo athu anatsalira ku mitengo yakale.

NamagetsiBT
Masamuwo ndi a masana dzuwa lili paliwombo. Mmawa, madzulo ndi kukachita mitambo, induction imataya gawo lalikulu la magetsi ochepawo pongodzipangira mphamvu ya maginito, pomwe ya maginito okhalitsa imayamba kupopa dzuwa likangotuluka. Pa tsiku lonse kusiyana kwa madzi kumaposa zomwe mwawerengazo.

Injiniya_Joni
Zoona achemwali, ndipo inveta yabwino imachepetsako vutolo potsitsa voteji ndi liwiro limodzi, koma silitha. Ndiye tinene panelo yathunthu yowonjezera osati theka. Ine ndikuonabe kuti panelo imodzi ndi mtengo wabwino wogulira mota yomwe a Koyilo angaikulunge kawiri katatu pa moyo wake.

Kabaza_Wa_Batire
Nanga ife a njinga? Mota ili mu gudumu. Mukailemeretsa ndiye mwatipha.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Kwa inu ndiye povuta, sindikunamizani. Mota ya mu gudumu yopanda magiya imazungulira pang'onopang'ono, pa liwiro la gudumu lenilenilo, ndiye mphamvu yonse iyenera kuchokera ku kukoka kwa maginito. Njira yothawira ndi kuichotsa mu gudumu, kuiika pa felemu, izizungulira mothamanga kwambiri, kenako magiya kapena tcheni zitsitse liwiro. Mota yothamanga imatha kukhala yaing'ono ngakhale maginito ake ali ofooka. Koma mwawonjezera magiya omwe amatha, ndi phokoso. Walira mvula walira matope.

Nachisale_Brum
Ndiwonjezereko za opanga magalimoto, chifukwa iwo anayamba kale kulimbana ndi funso lomweli. Mu 2010 China inachepetsa rare earth (gulu la zitsulo monga neodymium ndi dysprosium) yotumiza kunja, ndipo mu 2011 mitengo inakwera mochititsa mantha. Mu Epulo 2025 inaikanso malamulo oti dysprosium, terbium, samarium ndi zina, pamodzi ndi maginito okhala nazo, zizituluka ndi chilolezo, ndipo mafakitale ena a magalimoto anasowa zipangizo. Galimoto imodzi ya batire imanyamula kilo imodzi kapena awiri a maginitowa.

Tesla Model S yoyamba ya 2012 inali ya induction. Renault Zoe, kuyambira chaka chomwecho, inali ndi rotor yokulungidwa waya, yopanda maginito. BMW iX3, i4 ndi iX zimayendera njira yomweyo, Nissan Ariya nayonso. Ubwino wake ndi woti mphamvu ya rotor mumaikweza kapena kuitsitsa momwe mukufunira, ndiye pa msewu wautali mothamanga simutaya magetsi polimbana ndi maginito anu omwe. Mu Marichi 2023 Tesla inalengeza kuti mota yake ya m'tsogolo idzakhala ya maginito opanda rare earth, ngakhale sinatchule mtundu wake.

Sipanala
Koma za BMW ndi Renault zili ndi mabulashi, amayi. Funso ndi la yopanda mabulashi.

Nachisale_Brum
Zili nawo, inde, koma amakhudza mphete zosalala, osati komyuteta ya timagawo ngati ya giraindala yomwe imathetheka n'kudya makaboni. Amakhalitsa kwambiri. Ndipo makampani a zipangizo za magalimoto, Mahle mu 2021 ndi ZF mu 2023, anaonetsa mamota omwe magetsi amalowa mu rotor kudzera m'kathiransifoma kozungulira, popanda chokhudzana. Ya ZF kathiransifomako kali mkati mwa shafiti. Majenereta aakulu akhala akuchita zofananako kwa zaka zambiri, a Koyilo mwina munatsegulapo ena okhala ndi madayodi pa rotor.

Koyilo_Ndirande
Amenewo ndimawadziwa, madayodi ake amazungulira limodzi ndi rotor. Ndiye nanga alternator ya galimoto? Ilibe maginito, ndipo ku Ndirande kuno ili mbwee.

Makaniko_Area25
Alternator imasanduka mota bwinobwino. Chotsani madayodi ndi regyuleta, tulutsani mawaya atatu a stator, mulumikize ku kontrola ya njinga yosafuna masensa. Rotor muipatse magetsi ake apadera kudzera m'makaboni ake awiri aja, mavoti ochepa chabe akwana. Ine ndinayendetsera kangolo ka m'garaja. Koma imatentha, ndipo batire imatha msanga. Zala zachitsulo za rotor zija ndi chitsulo chathunthu, malata a stator ndi ochindikala, zonsezo zimadya magetsi. Ngakhale pa ntchito yake yeniyeni m'galimoto, alternator wamba imataya pafupifupi theka la mphamvu yomwe injini yaipatsa. Pophunzirira ndi yabwino. Pa dimba la a Mlimi ayi.

Kopala_Kitwe
Ine nili ku Copperbelt, ndiye ndikumbutseni chinthu chimodzi. Mukachotsa maginito n'kuika waya pa rotor, kapena mukakulitsa mota, mwawonjezera kopa. Kopa nayo imakumbidwa. Bwerani mudzaone mapiri a zotsalira ku Kitwe ndi mtsinje wa Kafue, mumve zomwe anthu a ku Mufulira akhala akudandaula za utsi wa sulphur. Musaganize kuti mota yopanda neodymium ndiye kuti yayera.

MaiVolts
Mfundo yabwino. Kusiyana kwake n'koti kopa imabwereranso. Palibe amene amataya waya wa kopa, ogula zitsulo zakutha amaufunafuna mpaka kumadzala. Chitsulo cha stator nacho chimasungunulidwa. Maginito a neodymium ochuluka amangopita limodzi ndi zitsulo ku ng'anjo, neodymium n'kutayikira m'zinyalala. Kuli kampani ina kufupi ndi Newcastle ku England, Advanced Electric Machines, yomwe ikupanga mamota opanda maginito, ena okulungidwa ndi aluminiyamu kuti mota yonse izitha kubwezeretsedwa mosavuta. Koma aluminiyamu imadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya momwe kopa imachitira, ndiye waya umanenepa, mota n'kukulanso.

Nachisale_Brum
Kubwezeretsa maginito kwayamba, ndipo kukukhudza kwathu. Mkango Resources, yomwe ili ndi Songwe, ili ndi gawo mu HyProMag kuno ku Birmingham. Njira yake inachokera ku University of Birmingham: amaika maginito akale m'thanki ya mpweya wa hydrogen, maginito amaumwa n'kuphwanyika kukhala ufa, ufawo amaupanganso maginito atsopano. A Koyilo, maginito akufawo musamataye. Asungeni m'chitini pouma.

Chitedze77
Pepani ndikusokonezeni. Mwatamanda ferrite kuti alibe rare earth, koma si onse. Ferrite a giredi yapamwamba, omwe opanga mamota a magalimoto amawakonda, amathiramo lanthanum ndi cobalt kuti alimbe. Lanthanum ndi rare earth, cobalt yambiri imachokera ku Congo. Wofuna kupewa zonsezo agule a strontium wamba, avomere kuti ndi ofookerako.

Injiniya_Joni
Zoona. Kungoti lanthanum ndi yochuluka ndipo ndi yotchipa, migodi imachita kusowa koigulitsa, ndiye si vuto lofanana ndi dysprosium. Koma pa pampu ya a Koyilo giredi wamba ikwana.

Chitedze77
Palinso Niron Magnetics ku Minnesota, yomwe ikupanga maginito a ayironi ndi nitrogen kuchokera ku kafukufuku wa Jian-Ping Wang wa ku University of Minnesota. General Motors ndi Stellantis anaikamo ndalama mu 2023. Zikadzayenda zidzasintha zambiri.

Sipanala
Zikadzafika pa shelefu mudzatiuze. Anyezi wa a Mlimi akufuna madzi chaka chino.

Koyilo_Ndirande
Chabwino. Tinene kuti ndasankha pampu ya pamtunda. Ndiyambire pati? Makina odulira malata a stator ine ndilibe.

Injiniya_Joni
Stator musapange, ndiyo yovuta kwambiri. Malata ake ndi chitsulo chapadera chokhala ndi silikoni, chochindikala mamilimita 0.35 kapena 0.5, lililonse lopakidwa kuti lisagwirane magetsi ndi linzake. Mukadula lata wamba wa pa hadiweya, mota izitentha ngakhale isakukoka kanthu. Tengani stator ya induction yakupsa ya mapolo anayi, yomwe muli nayo kale pa mulu. Kampani ya ABB itatulutsa mamota ake a synchronous reluctance mu 2011 inachita zofananazo: stator ndi felemu ngati za induction, rotor yokha ndiyo yatsopano. Ndipo mamota amenewo lero amafika giredi ya IE5, yapamwamba kwambiri pa kusataya magetsi, opanda maginito alionse.

Rotor ndiyo mungadulitse kwa a laser. Lata lililonse limakhala ndi mipata yopindika itatu kapena inayi pa polo iliyonse, yoyang'ana kunja. Zinthu ziwiri zimapha ntchitoyi. Choyamba ndi timilatho tachitsulo tomwe timagwira zidutswazo m'mphepete: tikanenepa mphamvu imadutsira m'menemo ndipo mota imafooka, tikawonda kwambiri rotor imaphulika ikathamanga. Chachiwiri ndi mpata wa pakati pa rotor ndi stator. Reluctance imafuna mpata wochepa, pafupifupi mamilimita 0.3 mpaka 0.5. Ndiye wa lathe akhale waluso, mabering'i akhale atsopano, zivundikiro za m'mbali zisakhale zogwedera.

Mota yotere payokha imakoka ma ampu ambiri pa ntchito yomwe ikugwira, ndiye kontrola imakula. Mankhwala ake ndi kulowetsa timapale ta ferrite m'mipata ija. Ma ampu amatsika, mphamvu imakwera, ndipo maginito ali otetezeka mkati mwa chitsulo. Ine ndikanakhala inu ndikanalowera kumeneko.

NamagetsiBT
Musaiwale kontrola, chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Kontrola wamba ya njinga imayembekezera maginito amphamvu, imayatsa mafezi motsatira masensa atatu a Hall omva maginito akamadutsa basi. Ya masipoko a ferrite iyenda nayo. Koma ya reluctance imafuna kontrola yodziwa pomwe rotor ili nthawi iliyonse n'kuika magetsi pa ngodya yoyenera. Kontrola ya VESC, yomwe anaiyamba Benjamin Vedder wa ku Sweden, mapulani ndi pulogalamu yake zili poyera pa intaneti, ndipo mukhoza kusintha zambiri. Koma muikeni sensa pa shafiti, musadalire kuti ingoganizira. Ndipo tivomereze, apa tachotsa chodalira kunja chimodzi n'kutsala ndi china. Ma MOSFET, timaswichi ta magetsi ta mu kontrola, ndi tchipu sitipanga.

Makaniko_Area25
Koma MOSFET ikapsa ndimaipeza n'kusintha ndi sodala. Maginito opindika a saizi ya rotor ya munthu sindingawapeze.

Wakumpoto
Nanga switched reluctance bwanji? Ndimamva kuti ndiyo yosavuta kuposa onse.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Kupanga kwake n'kosavuta ndithu. Rotor ndi chitsulo cha mano, koyilo iliyonse imakulungidwa pa dzino lake la stator, ndipo kutentha siiopa. Makina ena aakulu a m'migodi amayendera imeneyi. Koma imakoka modukizadukiza, imalira, ndipo kontrola yake ndi yamtundu wina, ya njinga kapena inveta wamba siigwira. Mungafunike kupanga bolodi yanuyanu. Kwa munthu woyamba ndikuona ngati ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi.

Injiniya_Joni
Pali njira yachidule yoti muphunzirirepo musanalipire wa laser. Makina ochapira opanda lamba, monga a Fisher & Paykel ndi LG, ali ndi mota yafulati yaikulu ngati mbale kumbuyo kwa dramu. Stator ili ndi mano 36 kapena 42, rotor imazungulira kunja kwake, ndipo maginito ake ndi ferrite. Imeneyo ndi mota yopanda mabulashi, yopanda neodymium, yopangidwa mamiliyoni. Kuno ku Johannesburg imapezeka kwa ogula zitsulo zakutha. Inakulungidwa kuti iziyendera voteji yokwera, koma mukadula malumikizidwe n'kugawa makoyilo m'magulu oyendera limodzi, imatsikira ku mavoti 48. Anthu ambiri amapangira makina a mphepo. Muyang'ane waya wake, ena ndi aluminiyamu yopakidwa mtundu wa kopa, ndipo sodala wamba saigwira.

Mlimi_wa_Nchalo
Imeneyo ingakoke pampu yanga?

Injiniya_Joni
Ngati pampu yanu ndi ya pisitoni kapena ina yoyenda pang'onopang'ono, ikhoza. Ngati ndi ya chipupa chozungulira yofuna maulendo pafupifupi 2900 pa mphindi, pafunika lamba ndi mapule okweza liwiro. Ndipo muimangire chotchinga, chifukwa ndi yotseguka. Fumbi lokhala ndi tizitsulo limamatirira pa maginito.

Chitedze77
Hugh Piggott wa ku Scoraig ku Scotland, amene mapulani ake a makina a mphepo opanga pamanja afalikira maiko ambiri, anatulutsanso pulani ya ferrite. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali dzimbiri la neodymium lomwe a Koyilo akudandaula nalo. Mapulani akewo alibe chitsulo mu stator, makoyilo amangoumbidwa mu resin, ndiye safuna malata apadera.

NamagetsiBT
Pa jenereta ya mphepo zimayenda chifukwa malo alipo ndipo mutha kuika maginito aakulu. Pa mota ya pampu, stator yopanda chitsulo ndi ferrite ndi zofooka ziwiri pamodzi, ndipo resin imasunga kutentha. Ine sindingalimbikitse.

Koyilo_Ndirande
Pa mulu wanga pali stator ya 1.1 kW, mapolo anayi, mipata 36. Mawa ndiyeza m'kati mwake ndi kutalika kwa malata, ndiika manambala pano. A Injiniya, mungandijambulire rotor yake? Komanso ferrite ndikawapeza aakulu, ndingawadule ndi chiyani?

Injiniya_Joni
Ikani manambalawo, muwonjezere kukula kwa shafiti ndi kukamwa kwa mipata ya stator. Kujambula ndigwiritsa FEMM, pulogalamu yaulere yowerengera mphamvu ya maginito, inunso mukhoza kuiika pa kompyuta n'kumaona zomwe ndikusintha. Mipata ya rotor ndiijambula yowongoka osati yopindika, kuti mulowe timapale ta makona anayi tomwe timagulitsidwa kale.

Kudula pewani ngati mungathe. Ferrite amasweka ngati mbale yadothi, sowo ya chitsulo siwakhudza n'komwe. Zikavuta gwiritsani disiki ya dayamondi yodulira matailosi, ndi madzi, pang'onopang'ono. A sipika ndi ozungulira okhala ndi bowo, mutaya ambiri powasandutsa timapale.

NamagetsiBT
Ndipo pa kontrola muike malire a ma ampu musanayatse koyamba. Ferrite kutentha sakuopa, koma magetsi ochuluka otsutsana nawo amawafafaniza, makamaka kapale komwe kali pafupi ndi stator. Pampu ikagwidwa ndi mchenga kontrola n'kukankha ma ampu onse, mutsegula mupeza maginito ali bwinobwino m'maso koma mphamvu itachepa. A Injiniya, kapale kakunjako kakhale kochindikalako, ndipo mutiuze ma ampu omwe FEMM ikuonetsa kuti ndi malire.

Mlimi_wa_Nchalo
Ikatheka mundiuze, yoyesera ibwere kwanga. Madzi alipo, mapanelo alipo, ndipo mchenga womwe achemwali akunenawo uliponso wambiri.